Amene Ankayendetsa Ndine

Laisensi ya ku England ndinaipeza movutika, ndipo sindinakhale nayo ngakhale zaka ziwiri. Inapita chaka chomwe akazi anga anamwalira.

Kwathu ndinali dalaiva wa thiraki. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Ndinayamba ndi kutsuka magalimoto ndi kumanga matenti pa katundu, kenako ndinakhala pa chiwongolero. Ndinkanyamula fodya kupita ku Beira, feteleza pobwerera. Maulendo ena ndinkafika ku Joni, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Laisensi inali imodzi yomweyo, ya ku Malawi, ndipo palibe wapolisi wa dziko lililonse amene anandiuzapo kuti ndi yosakwanira.

Dziko lililonse linali ndi zake zimene linkafuna. Ku Mozambique ankafunsa zikwangwani za makona atatu zoika pamsewu galimoto ikafa, ndi chovala chowala. Ku Zimbabwe ankayang'ana chozimira moto ndi timapepala towala pa bampala. Ukasowa chimodzi, tikiti. Koma tikitiyo inkachokera m'manja mwa munthu. Unkatsika, kupereka moni, kufotokoza. Nthawi zina ankamva, nthawi zina ayi. Ukalipira zatha, ndipo ukawoloka malire nkhaniyo inkatsala komweko.

Akazi anga anali namwino. Anabwera kuno kalekale ndi mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, akadali wamng'ono. Ine ndinatsala. Ndinkati kuzizira sindingakuthe, ndipo ntchito ndili nayo. Ankabwera pa tchuthi, tinkaimbirana foni, zaka n'kumapita. Msana utayamba kundivuta anandiuza pa foni kuti, “Adalaiva, mwazungulira mokwana. Bwerani mudzandiyendetse ine tsopano.” Ankanditchula choncho akafuna kundiseka. Ine ndinkawatchula asisitala. Ndinabwera. Tinkakhala ku Beaumont Leys, mu Leicester, nyumba yaing'ono pafupi ndi masitolo. Mwana anali atakwatiwa kale, akukhala ku Oadby ndi mwamuna wake ndi ana awiri.

Chaka choyamba zinayenda. Laisensi ya ku Malawi amailola kuno miyezi khumi ndi iwiri. Ndinkawaperekeza ku shifiti ndi kukawatenga, pa kagalimoto kawo kotuwa kamene ndikakhalamo mawondo ankagunda chiwongolero. Miyeziyo itatsala pang'ono kutha, mnzanga woyandikana naye nyumba anandilimbitsa mtima. Iyeyo ndi wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dedza ndipo Chichewa amachiyankhula.

“Mudhara, palibe chovuta apa,” anatero, kunditchula mdala m'chiyankhulo chakwawo. “Mumangotumiza yakwanu, iwo n'kukutumizirani yakuno. Ine sindinalembe mayeso alionse.”

Mwana wanga anayang'ana pa foni yake. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Adadi, Zimbabwe ilipo. South Africa ilipo. Malawi palibe.”

“Yang'ananso.”

“Palibe. Ndi Zambia yomwe palibe. Muyenera kuyambira pansi.”

Misewu ya ku Zimbabwe ndinaiyenda zaka zonsezo ndi matani a katundu kumbuyo. Mnzangayo kwawo ankayendetsa Lamulungu lokha, popita kutchalitchi. Ananena yekha, akuchita manyazi. Sindinamukwiyire. Si iye analemba lamulolo.

Ndinamata chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Lamulo limati wophunzira asayende yekha, pambali pake pakhale munthu wa laisensi yakuno. Munthuyo anali akazi anga. Iwowa kuyendetsa anaphunzirira kuno atakula, ndipo asanabwerere m'mbuyo ankayamba apemphera. Tsopano ndiwo anali aphunzitsi.

“Manja onse pa chiwongolero, adalaiva.”

“Ndayendetsa ndi dzanja limodzi kuchokera ku Blantyre mpaka ku Durban.”

“Kuno si ku Durban. Galasi mwayang'ana?”

“Ndayang'ana.”

“Sindinakuoneni.”

“Ndimayang'ana ndi maso, osati ndi khosi.”

“Woyesayo akufuna khosilo. Tembenuzani mutu aone.”

Tinkakangana choncho mpaka ku Anstey ndi pobwerera pomwe. Panthawiyo zinkandiwawa. Lero ndikaganiza, zaka zonse za ukwati wathu sitinakhalepo pamodzi nthawi yaitali ngati miyezi imeneyo.

Mayeso oyamba ndi a pa kompyuta. Mafunso ndinachita kuloweza, mwana akundiwerengera. Gawo lina amaonetsa kanema wa msewu, iwe uzidina ukaona ngozi ikubwera. Ine ndinkaona ngozi paliponse. Galimoto yoima, chitseko, munthu wa galu, ndinkadina zonse. Kompyuta inati ndikungodina chisawawa. Ndinalephera. Ulendo wotsatira ndinaphunzira kudikira, ndipo ndinakhoza.

Mayeso a pamsewu ndinalephera chifukwa cha indiketa. Ife a mathiraki tili ndi chizolowezi chathu. Galimoto yaing'ono ikakhala kumbuyo kwako ikufuna kukupitirira, iwe uli pamwamba, ukuona patali. Kutsogolo kukakhala koipa umayatsa indiketa ya kumanja, kumuuza kuti adikire. Kukayera umayatsa ya kumanzere, iye n'kudutsa, n'kukuthokoza ndi mahazadi. Tsiku la mayeso, pa msewu wopapatiza kunja kwa Wigston, galimoto ina yofiira inandikakamira kumbuyo, ikusuzumira. Kutsogolo kunkabwera thirakitala. Dzanja linapita lokha. Woyesa anayang'ana kumanja, panalibe pokhotera, analemba. Titabwerera anandifunsa chifukwa chake. Ndinafotokoza m'Chingerezi changa chochepa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anandiuza mwaulemu kuti kuno indiketa imatanthauza kukhota basi.

Akazi anga atamva anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye mwapulumutsa mwana wa eni, inuyo n'kugwa!”

“Akanagunda thirakitala.”

“Ndikudziwa, bambo. Khalani pansi, tiyi akuzizira.”

Kumapeto ndinalemba mphunzitsi weniweni, Mmwenye wina wobadwira ku Limbe amene anabwera kuno ali mnyamata. Chichewa anali asanachiiwale. Ndi amene anandikonza mpaka ndinakhoza. Tsiku limenelo akazi anga anaimba nthungululu pakhomo, azungu oyandikana nafe n'kusuzumira m'mawindo. Mphunzitsiyo asanachoke anandikokera pambali.

“Achimwene, mverani bwino. Kuno tikiti siithera pa kulipira. Amalemba mapointi pa laisensi, kulakwa kumodzi atatu, ndipo amakhalapo zaka. Anzanu amalandidwa akafika thwelofu. Inu zaka ziwiri zoyamba ndinu mwana wakhanda. Akakwana sikisi amatenga, mumabwerera pa L, mayeso onse kuyambiranso.”

“Imvi zonsezi, mwana wakhanda?”

“Kompyuta siona imvi. Ndipo wapolisi simudzamuona, ndi kamera. Kamera simungaipatse moni.”

Ndi laisensiyo ndinapeza ntchito. Kampani ina yosamalira okalamba m'makomo mwawo inkafuna madalaiva. Atsikana ambiri ogwira ntchitoyo anali obwera kumene, a ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe, opanda galimoto. Ine ndinkawatenga m'mawa, kuwasiya pa nyumba ya nkhalamba iyi, kudikira, kuwapititsa pa ina. Oadby, Wigston, Great Glen, timidzi ta uko. Ankanditchula ankolo. Ankagona m'galimoto pakati pa nyumba ndi nyumba, ena ankalira mwakachetechete akachoka pa foni ndi ana awo kumudzi. Ine sindinkafunsa. Ndinkangowonjezera hita. Sinali thiraki, koma inali ntchito yanga, ndipo madzulo ndinkabwera kunyumba ngati munthu.

Matenda a akazi anga anayamba ngati kutopa. Namwino sadandaula msanga. Pomwe ankapita kukayezetsa, khansa inali itafalikira kale. Anasiya ntchito. Kuchipatala komwe ndinkawasiya atavala yunifomu ndinayamba kuwasiya atafunda chitenje ndi jekete ziwiri.

M'mawa wina anayamba kusanza magazi. Sindinadikire ambulansi. Ndinawanyamula, kuwaika pa mpando, n'kuthamanga. Patapita masiku kunabwera kalata. Kamera inanditola ndikupitirira liwiro. Mapointi atatu. Ndinafuna kubisa, koma kalata za m'nyumbamo ankawerenga ndi iwo.

“Mwatsala ndi atatu, adalaiva.”

“Ndikudziwa.”

“Ulendo wina muziyenda bwino. Ine sindithawa.”

Tsiku lina masana tili awiri, iwo ali gone pa sofa, anati, “Mukandiike konkuno.”

“Kwanu kuli manda. Amayi anu ali komweko.”

“Amayi ali ndi anthu ambiri owazungulira. Ine mwana ali kuno, adzukulu ali kuno. Kumeneko ndani azikandiona? Inuyo galimoto muli nayo. Muzibwera, muzindiuza za atsikana anuwo.”

Ndinawafunditsa bwino bulangete. Iwo anadziwa kuti ndavomera.

Anamwalira kuchipatala, Lachiwiri masana, kunja kukugwa mvula yowaza. Ine ndi mwana tinali pomwepo.

Kwathu maliro ndanyamula ambiri. Wantchito mnzathu akaferedwa, bwana ankapereka lole, ndipo kawirikawiri woyendetsa ndinali ine. Bokosi limakhala pakati, amayi atalizungulira, akuimba njira yonse. Wina amaika dzanja pa bokosi kuti lisagwedezeke m'mabampu. Mahazadi amayaka. Wa njinga amatsika, amuna amavula zipewa, pa rodibuloko wapolisi amachotsa mgolo osafunsa kanthu. Galimoto ya munthu wamba siilowa pakati pa mdipiti wa maliro. Kuchokera ku mochale mpaka kumanda, womwalirayo sakhala yekha ngakhale pang'ono.

Kuno thupi linakhala milungu kwa osunga maliro, ife tikudikira tsiku. Anthu a mpingo ankabwera kunyumba madzulo akaweruka, kuimba, kupemphera, n'kubwerera chifukwa mawa kuli shifiti. Ndinkakhala pakati pawo ndikuganiza kuti akazi anga ali okha kutsidya la tauni, m'chipinda chozizira, kiyi ali ndi anthu osawadziwa.

Tsiku loika, mwambo unachitikira mu holo yomwe mpingo wathu umachita lendi, kum'mwera kwa tauni. Manda ali kumpoto. Anthu anabwera ambiri, anamwino anzawo, ena kuchokera ku Derby ndi ku Nottingham. Titatuluka, bokosi analilowetsa m'galimoto yakuda yaitali ya magalasi, maluwa pamwamba. Kutsogolo kunakhala amuna awiri a makhoti akuda. Ndinafunsa ngati mmodzi wa ife angakwere nawo. Anati malo palibe.

Ndinatulutsa kiyi wa galimoto yathu. Mkulu wa mpingo, bambo wachikulire amene ankayendetsa mwambo, anandigwira mkono.

“Abambo, namfedwa sayendetsa. Anyamata alipo. Inu khalani kumbuyo.”

“Ndiyendetsa ndekha.”

“Adadi, simunagone sabata yonse,” anatero mwana wanga. “Bweretsani, ndidiraiva ine.”

“Amayi ako anandiitana kuno kudzawayendetsa. Lowa.”

Anayang'anana ndi mkuluyo. Mwana anakhala pambali panga. Kumbuyo kunakhala amayi awiri a mpingo, atavala zoyera ndi zakuda.

Tisananyamuke, wamkulu wa amuna a makhoti akuda uja anabwera pa windo lililonse. Anati maloboti tiwamvere monga masiku onse, maliro alibe chilolezo chodutsa pofiira. Tikasiyana asadandaule wina, iwo akachepetsa liwiro kutsogolo. Mwana anandimasulira kawiri. Ndinati ndamva. Ndipo ndinamvadi.

Ndinayatsa mahazadi. Tinanyamuka pang'onopang'ono, ine kumbuyo kwenikweni kwa galimoto yakudayo, magalimoto ena onse pambuyo panga. Amayi aja anayamba nyimbo. Pa galasi la kutsogoloko ndinkaona kumapazi kwa bokosi ndi chitenje chomwe mwana anayala pamwamba, cha buluu, chimene amayi ake ankakonda kuvala Loweruka pochapa. Ndinkayang'ana chimenecho.

M'misewu anthu ankangopitiriza zawo. Sindikuwanena, ndi mmene amakhalira. Bambo mmodzi wokalamba pa siteji ya basi anavula chipewa. Yekhayo.

Pa raundabauti ina, vani yoyera yonyamula maphukusi inalowa pakati pa ine ndi bokosi. Mwina sanazindikire, mwina anali pa changu. Ndinaliza hutala. Mwana anati, “Adadi, musiyeni.” Vaniyo inali yaitali, kutsogolo sindinkaonanso kanthu. Tinayenda choncho kamtunda. Kenako inachepetsa, n'kukhotera kumanzere, ndipo itachoka ndinaona kuti pakati pathu patseguka mpata waukulu. Galimoto yakuda inali ikuwoloka mphambano. Loboti inasintha iwo ali pakati. Pomwe ine ndinkafika pa mzere inali itafiira kale.

Kutsidya kwa mphambanoyo msewu umakhota. Ndinaona chitenje chija chikupita, chatsala pang'ono kubisika kuseri kwa nyumba. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Magalimoto a m'mbali anali asanayambe kusuntha. Ndinaponda.

Kumbuyo kunang'anima kuwala. Nyimbo inaduka. Mwana anagwira dashibodi ndi manja onse.

“Adadi! Inali red!”

“Ndaona.”

“Kamera ija yakujambulani!”

“Ndaona.”

Magalimoto ena onse anaima pa loboti. Ine ndinaipeza galimoto yakuda itachepetsadi liwiro kuseri kwa khona, monga ananenera bambo uja. Ndinakhala kumbuyo kwake. Mmodzi wa amayi aja anayambanso nyimbo ndi mawu otsika, mnzake n'kulandira. Tinalowa pa geti ya manda tili magalimoto awiri okha. Enawo anatipeza.

Za kumanda sindilemba. Dothi la kuno ndi lonyowa, ndipo amakwirira ndi makina anthu atachoka. Anyamata athu anapempha mafosholo, anawapatsa.

Kalata inabwera pasanathe milungu iwiri. Galimoto tinali titaisinthira m'dzina langa akazi anga akudwala, ndiye inalembedwa kwa ine. Ndinapita nayo ku Oadby kuti mwana andiwerengere. Anawerenga ataimirira m'khitchini, kenako anakhala pansi.

“Akuti galimoto yanu inadutsa pa loboti yofiira. Akufunsa amene ankayendetsa. Mulembe dzina, musaine, mutumize.”

“Lemba langa.”

“Adadi, dikirani kaye. Ndi mapointi atatu. Kuphatikiza aja, sikisi. Zaka ziwiri sizinakwane.”

“Ndikudziwa kuwerenga mpaka sikisi.”

Anatseka chitseko cha khitchini kuti ana asamve. Anatsitsa mawu.

“Kamera ija imajambula kumbuyo. Nkhope siioneka. Ine ndinali m'galimoto momwemo, inshuwalansi yanu ndilipo. Laisensi yanga ndi yakale, ilibe pointi ngakhale imodzi. Atatu kwa ine si kanthu. Tilembe kuti ndinali ine.”

“Ayi.”

“Anthu amapanga, adadi.”

“Akakugwira ndi ndende. Ntchito yako ithe, ana awa atsale ndi ndani?”

“Andigwira bwanji? Anene ndani? Amayi a mpingo aja?”

Za ndendezo ndinangonena kuti asiye. Chifukwa chenicheni chinali china, ndipo mawu ake sindinawapeze msanga.

“Mwaganiza za ntchito yanu?” anapitiriza. “Popanda laisensi akuchotsani. Muzikhala m'nyumba muja nokha tsiku lonse, mukuyang'ana sofa. Kumanda muzipita bwanji? Mayeso aja munavutika nawo amami ali moyo, akukukankhani. Panopa akukankhani ndani? Ine ndataya amami, sindikufuna ndiyambenso kusitiresa za inu.”

Analira. Ine kutonthoza munthu sindidziwa. Ndinatenga kalatayo, kuipinda, kuika m'thumba. Ndinati ndiganiza.

Lamulungu lake mkulu wa mpingo uja anabwera kunyumba. Mwana anali atamuuza. Anakhala nthawi yaitali akukamba zina, za nyengo, za mitengo ya zinthu kumudzi. Kenako anati, “Abambo, ine sindingakuuzeni kuti muname. Udindo wanga sundilola. Koma mwanayu akufuna kukusungani. Mwina mulembe kaye kalata yofotokoza kuti anali maliro. Azungu nawonso amafedwa.”

Zimenezo ndinavomera. Mwana analemba bwino, m'Chingerezi chake, n'kuikamo ndi pepala la mwambo wa maliro. Yankho linabwera laulemu. Anapepesa za imfayo. Anati lamulo silipatula maliro, ndipo funso lawo likadali lomwelo: ankayendetsa ndani?

Ndinabwereranso ku Oadby. Mwana anali atatenga kale cholembera.

“Ndilembe langa, adadi. Chonde.”

“Amene ankayendetsa ndine.”

“Ndikudziwa kuti ndinu! Ndikunena za papepala!”

“Papepala pomwepo. Zaka zonse zija amayi ako ali kuno, ine ndinali ku Beira, ku Tete, ku Joni. Iwe ukudwala ankapita nawe kuchipatala pa basi. Ndinabwera mochedwa. Ulendo umodzi uwu ndinalipo, kumbuyo kwawo, mpaka pa geti. Ndiye ndisaine kuti sindinali ine?”

Sindinayankhulepo mawu ambiri choncho kwa mwana wanga. Anandiyang'ana. Anati, “Amami sakuwerenga mafomu a polisi.”

“Ine ndidziwa.”

Anaponya cholembera pa tebulo n'kutuluka. Mkamwini wanga, munthu wofatsa, ndiye anabwera kudzandisonyeza polemba. Dzina ndinalemba ndekha, zilembo zikuluzikulu, n'kusaina. Pobwerera ndinaima pa bokosi la makalata pafupi ndi masitolo, n'kuponya.

Sizinachitike msanga. Ndinayendetsabe milungu ingapo, ndikudziwa. Atsikana aja sindinawauze. Kenako kalata yomaliza inafika, yonena kuti laisensi yathetsedwa, ndiibweze. Ndikafuna kuyendetsanso ndipemphe ya wophunzira.

Kuntchito bwana wamkazi anandimvera chisoni. Anati ndikadzakhozanso ndidzabwere. Tsiku lomaliza ndinawauza atsikanawo tili pa geti ya nkhalamba ina ku Great Glen. Wa ku Zambia anati, “Ankolo, nanga ise tizayenda bwanji?” Ndinati abweretsa dalaiva wina. Wina wa ku Mzuzu, amene ankagona kwambiri m'galimoto, anati, “Winayo sadzatiyatsira hita.” Anaseka onse, ine n'kuliza galimoto kulowera ku Wigston.

Mnzanga wa ku Zimbabwe atamva anabwera ndi mabotolo awiri. Anati, “Mudhara, ine ndili ndi sikisi chaka chino, ndipo ndikuyendetsabe. Si chilungamo.” Ndinati amwe, asiye za chilungamo.

Mphunzitsi wa ku Limbe uja anandiimbira. Anati, “Achimwene, ndamva. Pepani kawiri. Bwerani tiyambirenso, maulendo oyamba sindikulipiritsani.” Ndinathokoza. Mabuku a mayeso ndinawatulutsa m'kabati, ali pa tebulo. Ndikatsegula, zilembo zimasakanikirana. Maso akutha, komanso wondikalipira za galasi palibe. Mwina chaka chamawa. Sindikulonjeza.

Galimoto ndinapereka kwa mkamwini. Panopa ndimagwira ntchito masiku atatu pa sabata mu weyahausi ina, kulongedza makatoni. Kumeneko basi imafika. Kumanda ndimapita Loweruka. Basi imandisiya pa msewu waukulu, kotsalako ndimayenda wapansi, ndipo msana umandikumbutsa. Mvula ikakula sindipita. M'nyengo yozizira kunadutsa mwezi wathunthu osapita. Akazi anga anati ndizibwera, ndipo ndimabwera mochepa kuposa mmene ndikanabwerera mwana akanalemba dzina lake. Zimenezo ndimazidziwa. Mwana nayenso amazidziwa, koma sananenepo.

Anakhala nthawi osandiyankhula bwino. Ankatumiza mwamuna wake ndi chakudya. Tsiku lina anabwera yekha, atanyamula envelopu. Anaiika pa tebulo, osakhala pansi.

“Nthawi ija ndikulemba kalata ndinapempha umboni,” anatero. “Ananditumizira zithunzi za kamera. Ndinafuna kufufuta. Ndapulinta chimodzi.”

Ndinatsegula. Chithunzicho ndi chotuwa, cha tsiku la mitambo. Pamwamba pali manambala awo. Pakati pali kagalimoto kathu, katadutsa mzere, mahazadi onse awiri akuyaka. Kutsogolo, chakumapeto kwa chithunzi, kukuoneka kumbuyo kwa galimoto yakuda ikuyamba kukhota, ndi kadontho ka buluu pa galasi.

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mwana anabwera kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga.

“Ndi chomaliza chimene muli awiri,” anatero.

“Sitikuoneka.”

“Nambala ikuoneka.”

“Nambala yokha ndiye anaijambula bwino.”

Anaseka pang'ono, mphuno ili yotseka. Kenako anavula jekete, n'kupita kukhitchini kukaona ngati ndili ndi mkaka.